Jeremy Bentham, Amene Anapima Malamulo ndi Cimwemwe ca Anthu

Anthu a ku Minga kapena ku Nyimba akasonkhana kukambirana za malo okumbapo citsime catsopano, nkhani imathera pa funso limodzi: kodi ndi malo ati amene adzapepukitsa anthu ambiri? Funso lotere ndilo anagona nalo ndi kudzuka nalo Jeremy Bentham wa ku England moyo wake wonse, koma iye analifunsa pa malamulo a dziko.

Bentham anabadwira ku London pa 15 February 1748. Atate wake, amene anali loya wacuma, anamtumiza kukaphunzira ku Oxford ali ndi zaka 12 zokha. Mu 1769 analoledwa kugwira nchito ya uloya, koma zimene anaona m'makhoti zinamnyansa. Malamulo anali opiringizana ngati nsambo za maungu, mlandu unali kudya ndalama zambiri kotero kuti wosauka sanali kufikako, ndipo munthu wakuba nkhosa imodzi anali kunyongedwa. Motero anasiya makhoti natenga colembera.

M'buku lake la mu 1789 anaphunzitsa kuti munthu aliyense amathawa zowawa nafuna cimwemwe. Cifukwa cace lamulo labwino ndi limene licurukitsa cimwemwe ca anthu ambiri, ndipo limene licurukitsa mabvuto ndi loipa, ngakhale likhale la makolo akale. Anafuna kuti opanga malamulo aziwerenga monga acita mlimi pokolola: cimwemweco ndi cacikulu motani, cidzakhala nthawi yaitali bwanji, cidzafikira anthu angati. Pa kuwerenga kumeneku mfumu ndi wanchito wa m'munda anali olingana, aliyense munthu mmodzi. Cilango naco anaciyesa coipa, cololeka pokhapo pamene ciletsa coipa cina coposa. Ngakhale ziweto anaziikamo, popeza ng'ombe yokoka ngolo imamva kuwawa.

Komatu nzeru yowerenga iri ndi msampha wake. Bentham anajambula ndende yozungulira yochedwa Panopticon, mmene mlonda mmodzi wokhala pakati akanaona akaidi onse, iwo osamuona. Anataya zaka pafupifupi 20 ndi cuma cake akupempha Boma kuti liimange. Boma linakana, ndipo mu 1813 linambwezera mapaundi 23,000. Mwina kukanako kunali mwai, cifukwa apa munthu wacifundoyu anafika poona anzake ngati matumba a cimanga m'nkhokwe. Ndipo ngati mudzi waung'ono usamutsidwa pa nthaka ya makolo ao kuti mseu upindulitse anthu zikwi, kodi misozi ya ocepawo imafafanizika ndi ciwerengero? John Stuart Mill, mwana wa bwenzi lake, analeredwa m'ciphunzitso cimeneci, koma pofika zaka 20 anagwa m'cisoni cacikulu, ndipo pambuyo pace analemba kuti zimwemwe siziri za mtundu umodzi. Mkangano umenewu ophunzira a m'mayunivesite akali nao.

Mu ukalamba wake Bentham anazindikira kuti olamulira sadzasamala cimwemwe ca anthu ngati anthuwo alibe mphamvu yowacotsa. Anamenyera ufulu wa amuna onse kuponya voti, ndiponso kuti votiyo ikhale yacinsinsi. Anamwalira pa 6 June 1832 ali ndi zaka 84, ndipo tsiku lotsatira mfumu ya England inabvomereza lamulo loonjezera anthu oponya voti.

Anasiya mau akuti mtembo wake ung'ambidwe kuti ophunzira udokotala aphunzirepo. Mafupa ake anabvekedwa zobvala zake, naikidwa mutu wa phula, nakhazikidwa pampando. Kuyambira 1850 akhala ku University College London, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 1826 kuti ilandire ophunzira osayang'ana cipembedzo cao.