Jean-Jacques Pouech

Jean-Jacques Pouech (1814–1892) anali wansembe wa mpingo wa Katolika wa ku France yemwe ankafufuzanso za miyala ndi zamoyo zakale. Amadziwika monga munthu woyamba kulemba lipoti la sayansi lofotokoza zigoba za mazira a dinosaur, ngakhale kuti mwiniwakeyo ankaganiza kuti mazirawo anali a mbalame.

Moyo wake

Pouech anabadwira m'mudzi wa Sabarat, m'chigawo cha Ariège, kumwera kwa France. Atadzozedwa unsembe anagwira ntchito pa seminale ya mumzinda wa Pamiers, ndipo anadzakhala mkulu wa seminaleyo. Akapeza mpata ankayendera mapanga ndi zitunda za m'munsi mwa mapiri a Pyrenees, n'kumatola miyala ndi mafupa akale. Anamwalira mu 1892.

Zigoba za mu 1859

Mu 1859 Pouech analemba lipoti m'magazini ya bungwe la Société géologique de France lonena za zidutswa zimene anapeza pafupi ndi Le Mas-d'Azil. Poyamba ankaziona ngati mamba a chikopa cha nyama yokwawa. Ataziyang'anitsitsa anaona kuti zonse zinali zochindikala mofanana komanso zopindika mofanana, choncho anatsimikiza kuti zinali zigoba za mazira. Anawerengera kuti dzira limodzi linali lalikulu kuwirikiza kanayi dzira la nthiwatiwa kapena kuposerapo, ndipo anati linaikiridwa ndi chimbalame chachikulu. Pa nthawiyo dzina lakuti Dinosauria, limene Richard Owen anayambitsa mu 1842, linali lidakali latsopano.

Patapita zaka 10, Philippe Matheron anafotokoza zigoba zofanana nazo za ku Provence, zimene zinapezeka m'miyala imodzimodzi ndi mafupa a nyama yomwe anaitcha Hypselosaurus. Iye ankaganiza kuti nyamayo inali ng'ona yaikulu, koma inali sauropod, dinosaur ya khosi lalitali yodya zomera. Mu 1877 Paul Gervais anaunika tizidutswa ta zigoba zoterezi pa maikulosikopu.

Ntchito ya Pouech inaiwalika. Gulu la Roy Chapman Andrews litapeza mazira ku Mongolia mu 1923, anthu ambiri anakhulupirira kuti amenewo ndiwo anali oyamba kupezeka. Mu 1989 katswiri wina, Eric Buffetaut, anaunikanso zimene Pouech anasonkhanitsa, zomwe zinkasungidwa ku Pamiers, ndipo zinadziwika kuti zigobazo zinali za dinosaur.

Mmene mazirawa amagawidwira

Vuto limene Pouech anakumana nalo lidakalipo. Dzira likapezeka lopanda mafupa a mwana m'kati, n'kovuta kudziwa nyama imene inaliikira. N'chifukwa chake asayansi amapatsa mazira akale mayina awoawo, osiyana ndi mayina a nyama. Amayang'ana kukula ndi maonekedwe a dzira, kuchindikala kwa chigoba, timabowo topumira, komanso mmene tizigawo ta chigobacho tinayalidwira.

Mazira ambiri a dinosaur a kumwera kwa France ali m'banja la Megaloolithidae, limene Zhao Zikui wa ku China anatcha dzina mu 1979. Mazirawa ndi obulungira ndipo kunja kwake kuli timatuza ting'onoting'ono. Amapezeka m'miyala ya kumapeto kwa nyengo ya Cretaceous, imene inatha zaka 66 miliyoni zapitazo, ndipo afukulidwanso ku Spain, Romania, India ndi Argentina.

Umboni wamphamvu wa eni mazirawa unapezeka ku Auca Mahuevo m'dziko la Argentina, malo amene Luis Chiappe ndi anzake anatulukira mu 1997. Kumeneko mazira a banjali anali ndi mafupa a ana osaswedwa a titanosaur, gulu la sauropod lomwe muli Malawisaurus ya ku Karonga. Apa n'kuti patadutsa zaka 138 chilembereni Pouech lipoti lake lija.