Raphael Lemkin, Munthu Amene Adaupatsa Dzina Mlandu

M'maphunziro a zilankhulo timauzidwa kuti mawu amabadwa pakamwa pa anthu ambiri, ndipo mwini wake sadziwika. Koma pali liwu limodzi limene mwini wake timamudziwa, chaka chake timachidziwa, ndiponso chimene adalipangira. Liwuli ndi lakuti genocide, kutanthauza kupulula mtundu wa anthu. M'nkhani ino ndifotokoza moyo wa Raphael Lemkin, amene adalipanga, pofuna kusonyeza kuti opulumuka ku nkhanza sangapeze chilungamo ngati mlandu umene adawachitira ulibe dzina m'malamulo.

Lemkin adabadwa pa 24 Juni 1900 m'banja la Ayuda, pafupi ndi tawuni ya Wołkowysk, dera limene lero lili m'dziko la Belarus. Ali mwana adawerenga buku la Henryk Sienkiewicz lotchedwa Quo Vadis, lonena za mazunzo amene Akhristu adakumana nawo mu ulamuliro wa mfumu Nero ku Roma. Zidamuvuta kumvetsa kuti boma lingaphe anthu chifukwa cha chipembedzo chawo, osapezeka woliimba mlandu.

Funsoli lidamubwereranso ali mnyamata. Kuyambira mu 1915, boma la Ottoman lidapha miyandamiyanda ya anthu a mtundu wa Armenia, omwe adali Akhristu. Mu 1921 Soghomon Tehlirian, yemwe abale ake adafera m'nkhanzazo, adawombera Talat Pasha, mmodzi mwa akuluakulu a bomalo, mumzinda wa Berlin. Tehlirian adazengedwa mlandu ndipo khoti lidamumasula. Chimene chidamudabwitsa Lemkin n'chakuti wopha munthu mmodzi adaonekera m'khoti, pamene wolamula kuti mtundu wonse uphedwe ankangodzikhalira ku Berlin, popeza padalibe lamulo la mayiko onse lomugwirira.

Atamaliza maphunziro a zamalamulo pa yunivesite ya Lwów, adagwira ntchito yoimira boma pa milandu ku Warsaw. Mu 1933 adatumiza maganizo ake ku msonkhano wa akatswiri a malamulo ku Madrid, kupempha kuti kuwononga mtundu wa anthu kapena chikhalidwe chawo kukhale mlandu kulikonse. Pempho lake silidaphule kanthu. Asilikali a Germany atalowa m'dziko la Poland mu 1939, adathawira ku Sweden, ndipo mu 1941 adafika ku United States atadzera ku Soviet Union ndi ku Japan. Abale ake 49, kuphatikizapo makolo ake, adaphedwa pa nthawi ya ulamuliro wa chipani cha Nazi.

Liwu lija lidatuluka mu 1944 m'buku lake lotchedwa Axis Rule in Occupied Europe. Adalumikiza genos, liwu la Chigiriki lotanthauza mtundu kapena fuko, ndi cide, lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kupha. Ndikuona kuti kudziwa kwake zilankhulo zingapo kudamuthandiza, chifukwa liwuli ndi lalifupi ndipo zilankhulo zambiri zidalilandira mosavuta. Pa milandu ya ku Nuremberg mu 1945 oimira boma adaligwiritsa ntchito, koma m'chigamulo cha mu 1946 silidapezekemo.

Lemkin sadagwe mphwayi. Ngakhale adalibe udindo m'boma lililonse, ankalondola nthumwi za mayiko ku bungwe la United Nations, kuzichonderera mmodzimmodzi. Pa 9 Disembala 1948, ku Paris, bungweli lidavomereza pangano loletsa ndi kulanga mlanduwu, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 12 Januwale 1951. Panganoli limateteza magulu a anthu potengera dziko, fuko, mtundu ndi chipembedzo. Komabe mfundo imene ankaikonda, yoti kupha chilankhulo ndi chikhalidwe cha anthu kukhalenso mlandu, idachotsedwa. Kwa ine apa m'pamene mayiko adataya kanthu kakukulu, pakuti mtundu wolandidwa chilankhulo umazimirira ngakhale anthu ake ali moyo.

Adamwalira ku New York pa 28 Ogasiti 1959 ali mmphawi, ndipo pamaliro pake padafika anthu ochepa kwambiri. Dziko la United States, kumene adathawira, lidalowa m'panganoli mu 1988.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Pa 2 Sepitembala 1998, khoti la mayiko onse lozenga milandu ya ku Rwanda, lomwe linkakumana ku Arusha m'dziko la Tanzania, lidapeza Jean-Paul Akayesu, yemwe adali meya wa dera la Taba, wolakwa pa mlandu wopulula Atutsi mu 1994. Aka kadali koyamba kuti khoti la mayiko onse ligamule munthu pa mlanduwu, patapita zaka pafupifupi 50 chivomerezereni panganolo. Amayi opulumuka adapereka umboni wa momwe adagwiriridwira, ndipo oweruza adavomereza kuti kugwirira kungakhale njira yopululira mtundu. Liwu la Lemkin silidaletse imfa za ku Rwanda, koma amayiwo adapeza khoti la mayiko onse lowamvetsera, zimene opulumuka a ku Armenia sadazipeze.