Dokotala amene anaona nzeru m'zala za ana

Anzanga, ngati kwanu kuli kamwana kosatha kukhala phee, kongogwira ichi n'kugwira icho, musanakakalipire tamvani kaye za Maria Montessori.

Mayiyu anabadwa mu 1870 ku Chiaravalle, m'dziko la Italy. Masiku amenewo zinali zachilendo mtsikana kuphunzira udokotala, koma iye anakakamira mpaka anamaliza maphunziro pa yunivesite ya ku Rome mu 1896, n'kukhala mmodzi mwa madokotala achikazi oyambirira m'dzikolo.

Ntchito inamufikitsa kumalo kumene ankasungira ana omwe anthu ankati mitu yawo sigwira ndipo sangaphunzire kanthu. Anawo ankangokhala m'chipinda chopanda choseweretsa ngakhale chimodzi. Akatha kudya, ankakwawa pansi n'kumatolera nyenyeswa za buledi. Wowasamalira ankati ndi dyera basi. Montessori anaona kuti anawo akusowa choti agwire, ndiye zala zawo zinkangofufuza chilichonse chimene chapezeka.

Anawerenga zimene madokotala awiri a ku France, Itard ndi Séguin, analemba zophunzitsa mwana kudzera m'kugwira, kuona ndi kumva, ndipo anayamba kuyesa njirazo. Mukudziwa zinatha bwanji? Ena mwa ana otayidwa aja anakhoza mayeso a boma omwe ankalemba ana a sukulu wamba.

Pa 6 Januwale 1907 anatsegula sukulu yotchedwa Casa dei Bambini, kutanthauza Nyumba ya Ana, ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Anaikamo timipando topepuka toti mwana anyamule yekha. Ana ankasesa, kukola mabatani ndi kudzisambitsa m'manja. Zilembo anazidula pa sandipepa, ndipo mwana ankayendetsa chala pachilembo chokhakhalacho uku akutchula kamvekedwe kake. Dzanja linkazolowera njira ya chilembo lisanagwire choko, moti ana a zaka 4 ndi 5 anayamba kulemba mawu okha.

Anaonanso kuti ana ovuta ankadekha akapeza ntchito ya manja yodzisankhira, n'kumaibwereza kambirimbiri osatopa. Chilango ngakhale mphotho sizinkafunikanso.

Moyo wake sunali wofewa ayi. Atasemphana ndi boma la Mussolini anachoka ku Italy mu 1934, ndipo zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anazithera ku India, akuphunzitsa aphunzitsi. Anamwalira pa 6 Meyi 1952 ku Noordwijk, m'dziko la Netherlands.

Nde inu amene mumalera ang'ono anu kapena kuthandiza kusukulu ya mkombaphala, musadandaule kuti mulibe zipangizo zodula. Mwana akamaumba ng'ombe yadongo kapena kusanja zitsekerero za mabotolo, akuphunzira ameneyo, musiyeni amalize. Mawa lino mulembereni chilembo pamchenga, mumuuze kamvekedwe kake, kenako mumulole achitsatire ndi chala mpaka atatopa yekha.