Donald Fraser wa ku Embangweni ndi m'busa amene anagwa

Ife a pa boma la Mzimba tikamapita ku Embangweni, kawirikawiri timakhala tikuthamangira ku chipatala kapena kukazonda ana ku sukulu, ndipo ndi ochepa mwa ife amene amapatukira pa manda awiri oyandikana amene ali pa mishoni imeneyi. M'manda ena muli phulusa la mzungu wa ku Scotland, m'busa Donald Fraser. M'manda enawo munagona m'busa Jonathan Chirwa, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda a mishoni ya Livingstonia. Anthu awiriwa sanali a Mpingo wathu wa Katolika, ndipo pamene iwo ankagwira ntchito, ansembe athu anali asanakhazikike m'dera lino: mishoni ya Katete inatsegulidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo Dayosizi ya Mzuzu inakhazikitsidwa m'chaka cha 1961. Komabe nkhani imene inawamanga pamodzi ndi nkhani imene imabwera pa bwalo la mpingo uliwonse, ndi m'malo olapira a parishi iliyonse: kodi munthu amene wagwa m'tchimo la chigololo, makamaka mtsogoleri, tichite naye chiyani?

Donald Fraser anabadwa pa 1 Juni 1870 ku Lochgilphead, m'banja la m'busa wa mpingo wa Free Church of Scotland. Anaphunzira ku Glasgow, ndipo ali mnyamata anadutsa m'nyengo ya kukayika za chikhulupiriro, kufikira pamene msonkhano wa ku Keswick wa chaka cha 1891 unamutembenuza mtima. Anadziwika msanga pakati pa ophunzira a m'masukulu a ukachenjede amene ankadzipereka kupita ku maiko akutali, ndipo ndiye anatsogolera msonkhano wawo waukulu ku Liverpool kumayambiriro kwa 1896. Kumapeto kwa chaka chomwecho anafika kuno ku Nyasaland, ndipo anatumizidwa kwa Angoni a M'mbelwa, ku Ekwendeni.

Anapeza dziko likusintha. Inkosi M'mbelwa woyamba anali atamwalira m'chaka cha 1891, nkhondo zofunkha zinali kutha, ndipo achinyamata anali kukhamukira ku sukulu zimene William Koyi ndi Dr Walter Elmslie anayambitsa movutikira ku Njuyu. Fraser anayamba kuitanitsa misonkhano ikuluikulu ya masiku angapo, yomaliza ndi ubatizo ndi mgonero. Wa chaka cha 1898 ku Ekwendeni unasonkhanitsa anthu zikwi. Elmslie, amene anali atadikira zaka zambiri asanabatize ngakhale munthu mmodzi, sanakondwe nazo, poganiza kuti mnyamatayu akutsegula khomo mofulumira. Kusiyana maganizo kumeneku, pakati pa woopa kuti mpingo ungadetsedwe ndi woopa kuti anthu angatsekeredwe kunja, kunamutsata Fraser moyo wake wonse.

M'chaka cha 1901 anakwatira Agnes Robson, amene anali dokotala. Atakhala kanthawi ku Hora, anatsata Angoni amene anali kusamukira kum'mwera kukafuna nthaka yatsopano, ndipo m'chaka cha 1902 anakhazikitsa mishoni ya Loudon m'dera la Inkosi Mzukuzuku, pamalo amene lero timawatchula kuti Embangweni. Anthu anamupatsa dzina loti Chisekeseke, chifukwa ankaseka ndi aliyense. Sanaletse gule wa ingoma monga momwe amishonale ena ankafunira, ndipo ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo awo, mpaka kuchititsa mipikisano ya nyimbo. Zambiri mwa nyimbo zimene zinapekedwa masiku amenewo zimaimbidwabe, ndipo Jonathan Chirwa anali mmodzi mwa opeka ake.

Koma tisaganize kuti kuseka kwake kunatanthauza kuti ankalekerera tchimo. Mishoni ya Livingstonia inali yolimba kwambiri pa nkhani za thupi. Mwamuna wa mitala sankabatizidwa pokhapokha atasiya akazi ena onse n'kutsala ndi mmodzi. Mowa unali woletsedwa. Amene wagwidwa ndi chigololo ankaimitsidwa kulandira mgonero, ndipo mlandu wake unkakambidwa ndi akulu a mpingo. Fraser ankatsata malamulo amenewa ndipo ankawaphunzitsa. Chimene anawonjezera n'choti, kumayambiriro kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900, anasankha amayi achikulire okhulupirika, amene ankatchedwa balalakazi, kuti aziyendera ndi kulangiza amayi ndi atsikana a mu mpingo, zaka zambiri Livingstonia isanavomereze kuti amayi akhale akulu a mpingo. Ife tikuona kuti apa anaona patali. Milandu ya dama ikamaweruzidwa ndi amuna okhaokha, mtsikana amene wanyengedwa amaima yekha pa bwalo, ndipo zimene zinamuchitikira sangazinene zonse pamaso pa amuna a msinkhu wa bambo ake.

Tsopano tifike pa nkhani ya Chirwa. Mishoni ya Livingstonia inayamba m'chaka cha 1875, koma inadikira kufikira 1914 kuti idzoze abusa achikuda. Atatu oyambawo anali Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, ndipo onse anayesedwa zaka zambiri asanadzozedwe. Maso a dziko lonse anali pa iwo. Panali azungu amene ankanena kuti munthu wakuda sanakhwime mokwanira kusenza udindo wotere, ndipo panali Akhristu achikuda amene ankaona mwa atatuwa umboni woti azunguwo akunama. Chaka chomwecho nkhondo yaikulu yoyamba inabuka. Amishonale ambiri anatengedwa kukathandiza asilikali, Inkosi ya Makosi Chimtunga inachotsedwa pa mpando m'chaka cha 1915 chifukwa chokana kupereka anthu ake ku ntchito ya mtengatenga, ndipo mishoni zina zinatsala zopanda oyang'anira. Chirwa, amene ankagwira ntchito ndi Fraser ku Loudon, anatumizidwa ku Mwenzo, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia, kufupi ndi malire a dziko limene panthawiyo linali m'manja mwa Ajeremani. Kumeneko, kutali ndi kwawo, pakati pa anthu a chinenero china, anachita chigololo. M'chaka cha 1918 anaulula tchimo lake ndipo anatula pansi ubusa.

Sitikufuna kuchepetsa chimene anachita. Kutalikirana ndi kwawo ndiponso chisokonezo cha nkhondo zingatithandize kumvetsa momwe munthu amafookera, koma sizisandutsa choipa kukhala chabwino. Lamulo lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chinayi, monga timawerengera ife Akatolika, amamanga m'busa ndi mlimi chimodzimodzi, ndipo Ambuye Yesu pa Mateyo 5 anaphunzitsa kuti tchimoli limayambira m'diso ndi mumtima thupi lisanachite kanthu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amatcha chigololo kuti ndi kusalungama, chifukwa wochita amaphwanya pangano, amalakwira mnzake wa m'banja, ndipo amaika pa chiswe ana amene amafunika makolo okhulupirika. Nkhani ya Chirwa ikamakambidwa timangotchula maina a abusa, koma m'tchimo lotere mumakhalanso mkazi amene dzina lake limaipa pa mudzi, mumakhala mabanja amene mtendere wawo umasokonekera, ndiponso Akhristu atsopano amene amayamba kudzifunsa ngati zimene anaphunzitsidwa zinali zoona. Kwa Chirwa kunawonjezekera katundu wina: kugwa kwake kunapatsa mawu aja amene ankati anthu akuda sangathe.

Palibe amene ankatsutsa zoti wolapa akhululukidwe ndi kubwerera pa mgonero. Mkangano unali pa ubusa. Amishonale ena akuluakulu ankati munthu amene wagwa chonchi asadzaimenso pa gome kulalikira, chifukwa kumubwezera kukanaphunzitsa mpingo wongoyamba kumene kuti tchimoli n'lopepuka. Maganizo amenewa sanali opusa, ndipo ife amene m'zaka zino tamva za atsogoleri a mipingo, wathu womwe, amene anangosamutsidwa mwakachetechete atalakwira anthu ofooka, sitingawaseke. Fraser anaima mbali ina. Iye ankaona kuti Chirwa anavomera tchimo lake, anatula udindo, ndipo analandira chilango modzichepetsa pamaso pa anthu omwewo amene kale ankawalalikira. Kwa Fraser, mpingo umene umalalikira kuti Mulungu anadzutsa Davide pambuyo pa nkhani ya Betiseba, ndiponso kuti Petro anapatsidwanso nkhosa atamukana Mbuye wake, sukanatha kunena kuti kwa m'busa wa ku Loudon yekha khomo latsekedwa mpaka imfa. Akhristu ambiri a ku Loudon anali naye pa maganizo amenewa, ndipo anapempha kuti m'busa wawo abwezeredwe.

Mkangano umenewu si wachilendo kwa amene amadziwa mbiri ya Mpingo wathu. Cha m'ma 220, Papa Callistus anavomereza kuti ochita chigololo amene alapa ndi kuchita zolipira machimo awo alandiridwenso pa Ukaristia. Wansembe wophunzira kwambiri wa ku Roma, Hippolytus, anamudzudzula koopsa kuti akusandutsa Mpingo khola la zonyansa, ndipo ku Carthage Tertullian analemba buku lonse lotsutsa kukhululukira machimo otere. Mpingo unatsata njira ya Callistus, ndipo ndi njira imeneyi imene inatifikitsa pa Sakramenti la Kulapa monga tikulidziwira lero, mmene mulibe tchimo loposa chifundo cha Mulungu, koma mmene chikhululukiro chimafuna kuulula, chisoni choona, ndi kutsimikiza mtima kusiya. Tiyenera kunenanso, kuti tisasokoneze zinthu, kuti kukhululukidwa ndi kubwezeredwa pa udindo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pali milandu, monga yogwirira ana kapena yogwiritsa ntchito udindo pokakamiza munthu, imene wolakwa angathe kulapa koma sayenera kupatsidwanso nkhosa, ndipo malamulo a dziko ayenera kugwira ntchito yake. Fraser sanali kunena kuti aliyense abwezeredwe. Anali kunena za munthu mmodzi amene ankamudziwa, amene kulapa kwake kunaonekera poyera kwa zaka.

Ndipo zinatengadi zaka. Nkhaniyi inabwera kangapo pa msonkhano wa abusa ndi akulu a mpingo, n'kumabwezedwa. Pakati pa nthawiyi Fraser anapita ku Scotland, kumene m'chaka cha 1922 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukulu wa mpingo wa United Free Church, ulemu umene amishonale ochepa okha analandira. Atabwerera ku Loudon sanaiwale mnzake. M'chaka cha 1924, chaka chimene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga mpingo wa CCAP, Jonathan Chirwa anabwezeredwa pa ubusa, patatha zaka zisanu ndi chimodzi chiululireni tchimo lake. Anatumikira ku Loudon mokhulupirika kufikira imfa yake, ndipo anthu a kumeneko anamulemekeza monga tate wawo.

Kuti tione kulemera kwa zimene Fraser anachita, tiyang'ane zimene zinachitika iye atachoka. M'chaka cha 1925 anaitanidwa kubwerera ku Scotland kukagwira ntchito ku likulu la mishoni za mpingo wake. Chaka chomwecho anadzozedwa m'busa wina waluso wa m'boma lino, Charles Chinula, mphunzitsi ndi wopeka nyimbo wodziwika. M'chaka cha 1930 nayenso anachotsedwa pa ubusa pa mlandu wa chigololo. Iye sanabwezeredwe, ndipo poona kuti mpingo ukulanga popanda kusonyeza njira yobwerera, m'chaka cha 1934 anayambitsa mpingo wakewake wotchedwa Eklesia Lanangwa. Anadzabwerera ku CCAP ali nkhalamba. Milandu iwiriyi sinali yofanana m'zonse, ndipo anthu awiriwa anali osiyana mitima, choncho sitinganene kuti Fraser akanakhalapo zonse zikanayenda bwino. Tingoti Chirwa anali ndi munthu amene anamuyendera m'zaka zake za manyazi ndi kumulankhulira pa bwalo, ndipo anatsala.

Fraser analemba mabuku angapo onena za Angoni ndi Atumbuka, ndipo limodzi mwa iwo ndi mbiri ya Daniel Nhlane, mnzake wina wa ku Loudon. Powawerenga lero timapezamo mawu ena onena za anthu akuda amene amatiwawa m'makutu, pakuti nayenso anali mwana wa nthawi yake, ndipo sitiyenera kumupaka utoto woyera kuposa momwe analili.

Anamwalira ku Scotland m'mwezi wa Ogasiti 1933, ali ndi zaka 63. M'chaka cha 1935 mkazi wake Agnes anabwera ndi phulusa lake ku Loudon, ndipo linaikidwa m'nthaka ya Angoni pamaso pa khamu la anthu ndi mafumu. Chaka chotsatira, 1936, Jonathan Chirwa anamwalira, ndipo anthu a ku Embangweni anamukumbira manda pambali pa Chisekeseke.