Stan Laurel

Stan Laurel (16 June 1890 – 23 February 1965), yemwe dzina lake lenileni linali Arthur Stanley Jefferson, anali katswiri wa mafilimu oseketsa wobadwira ku Ulverston, m'dziko la England. Anatchuka ku America posewera ndi Oliver Hardy pakampani ya Hal Roach.

Mafilimu olankhula atabwera, akatswiri ena a mafilimu opanda mawu anazilala, koma awiriwa anapitiriza kutchuka. Filimu yawo yaifupi ya mu 1932, The Music Box, inapata mphoto ya Oscar. Mufilimuyi iwo amavutika kukweza piyano pamasitepe ataliatali, koma imangogubudukira pansi mobwerezabwereza.

Hardy atamwalira mu 1957, Laurel anakana kuseweranso mufilimu ina iliyonse. Mu 1961 analandira Oscar yaulemu. Anamwalirira ku Santa Monica, California.