Mbusa William Murray wa ku Mvera ndi Sukulu za M'midzi

A William Hoppe Murray anabadwira ku South Africa m'chaka cha 1866, ndipo anafika ku Mvera, m'mapiri a Dowa, m'chaka cha 1894. Anapeza mishoni ya Dutch Reformed itakhala kale zaka zisanu m'dziko la mfumu Chiwere, pakuti a A. C. Murray ndi a T. C. B. Vlok anaiyamba mu 1889. Patapita zaka zowerengeka iwo anakhala mtsogoleri wa mishoni yonse, nagwira udindowo kufikira 1937.

Nchito yao yaikulu inali ya sukulu. Masiku amenewo ofuna kuphunzira sanali a msinkhu umodzi ai. Pa sukulu ya m'mudzi pankakhala mwana woweta mbuzi, mtsikana wosinja, ndi bambo wa imvi amene anali asanaonepo chilembo chibadwire. Onsewa cholinga chao chinali chimodzi, ndicho kudziwa kuwerenga, koma sakanatha kuyenda liwiro limodzi. Tsono mishoni inkaphunzitsa m'Chinyanja, chinenero cha pakhomo, ndipo sinkabweza munthu chifukwa cha kukula. Aphunzitsi anali ana a m'dziko lomwelo, ophunzitsidwa ku Mvera, ndipo sukulu zinafalikira kuchokera ku Mvera, ku Kongwe, ndi ku Chinthembwe m'mapiri a Ntchisi.

A Murray anazindikiranso kuti maphunziro sali a mtundu umodzi. Kuwerenga kumafuna buku, kotero iwo anakhala zaka zambiri pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, akumasulira Baibulo pamodzi ndi anzao Achiafirika ndi Azungu, mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Anthu osawerengeka anazolowera kuwerenga ndi buku limeneli. Koma ulimi, ukalipentala, kuomba nsalu ndi kusoka nsapato sizilowa m'mutu ndi mau okha. Zimafuna manja, ndipo wophunzira amaonetsa nzeru zake pa chimene wapanga. Atsikana naonso anali ndi nyumba yao pa mishoni, m'mene ankaphunzira kuwerenga pamodzi ndi nchito za pakhomo. Mu 1910 mamishoni a Chiprotestanti anasonkhana ku Mvera komweko kukambirana za nchito yao, ndi za muyeso wa sukulu zao. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera Nyasaland mu 1924, linayamika maphunziro a manja a mishoni imeneyi.

Komabe mbiri yoona siibisa chilema. Mishoni ya a Murray inachedwa kuphunzitsa Chingerezi ndi maphunziro apamwamba, poganiza kuti munthu wa kumudzi zimenezi sazifuna. Anyamata a ku Livingstonia ndi ku Blantyre ankapeza nchito za ukalaliki, pamene ambiri a ku Dowa ankatsalira, ndipo anthu anadandaula nazo. Apa njira siinangosinthidwa kuti iyenere wophunzira, koma muyeso weniweniwo unatsitsidwa, ndipo amene anautsitsa sanali wophunzira mwini. Kuti ana a ku Mvera akanatha kufika patali, umboni wake ndi a Samuel Nthara, amene buku lao la Nthondo linapambana mphotho ya olemba a mu Afirika, nilimasuliridwa m'Chingerezi mu 1934.

A Murray anamwalira mu 1947, ndipo sukulu ya sekondale ya ku Nkhoma inatchedwa dzina lao. Aphunzitsi ndi akatekisti ali nalo phunziro pa moyo umenewu. Wina amamva ndi buku, wina ndi nyimbo, wina ndi manja. Wina ayankha pakamwa, wina polemba. Njira zichuluke monga achulukira ophunzira, ndipo iliyonse iyenere chinthu chimene chikuphunzitsidwa. Koma kumene njirazo zikupita kukhale kumodzi kwa onse, ndipo mphunzitsi asamudulire mwana malire asanamuyese.