Joseph Booth, munthu amene anafunafuna tsiku

Kuno ku Makokola tili ndi anansi opembedza masiku osiyanasiyana: Asilamu Lachisanu, a Seventh Day Loweruka, ife Lamulungu. Ambiri mwa ife tinafunsidwapo chifukwa chimene sitisungira Sabata, kapena tinauzidwapo kuti dziko latsala pang'ono kutha. Nkhani ziwirizi si za lero. M'dziko muno zinafala kwambiri kudzera mwa munthu mmodzi, Joseph Booth.

Booth anabadwira ku Derby, ku England, m'chaka cha 1851. Atakhala zaka zingapo ku New Zealand ndi ku Australia, mkazi wake anamwalira, ndipo mu 1892 iye anafika kuno ndi mwana wake wamkazi, Emily. Anatsegula mishoni ya Zambezi Industrial ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Ankalipira antchito ake bwino kuposa azungu anzake, ndipo ankadzudzula poyera kulanda malo a anthu akuda. John Chilembwe ankagwira ntchito pakhomo pake, ndipo mu 1897 Booth anapita naye ku America.

Ali komweko, funso la tsiku loyera linamugwira mtima. Powerenga Eksodo 20, anatsimikiza kuti Mkhristu ayenera kupuma tsiku lachisanu ndi chiwiri, Loweruka. Analowa mpingo wa Seventh Day Baptist, ndipo atabwerera anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo. Mu 1902 malowo anagulidwa ndi a Seventh-day Adventist. Ndiwo Malamulo a lero, kumene chipatala chake chathandiza anthu osawerengeka, Akatolika omwe.

Koma mtima wa Booth sunakhazikike. Cha m'ma 1906 anatsata chiphunzitso cha Charles Taze Russell wa gulu la Watch Tower. Russell anatenga nthawi zisanu ndi ziwiri zotchulidwa pa Danieli 4, naziwerenga ngati zaka 2,520, ndipo masamu akewo anathera pa 1914. Ku Cape Town, Booth anaphunzitsa zimenezi Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay. Kamwana anabwerera kwawo mu 1908 nalalikira kuti mu 1914 maufumu a dziko adzatha, msonkho udzatha, Khristu adzayamba kulamulira. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909.

Chaka cha 1914 chinafikadi, koma chinadza ndi nkhondo. Sitima ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani panyanja yathu yomwe ino, ndipo mfuti yake mukhoza kuiona lero pa Mangochi Boma. Amuna ambiri anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ena osabwererako. Msonkho sunathe. Pamenepo n'kuti Booth atasiyana kale ndi Russell n'kubwerera kwa a Seventh Day Baptist. Chilembwe ataukira boma mu 1915, Booth anathamangitsidwa kum'mwera kwa Africa. Anamwalira ku England mu 1932.

Tisamunyoze munthuyu. Ankakonda Baibulo, ndipo anaona kuponderezedwa kwa makolo athu pamene ambiri ankatseka maso. Anthu amene anathamangira ubatizo wa Kamwana sanali opusa. Anali otopa ndi msonkho ndi ntchito yakalavulagaga, ankafuna chilungamo cha Mulungu. Vuto linali pa kawerengedwe. Booth ankagwira ndime imodzi, n'kusamuka nayo mpingo, kenaka ina, n'kusamukanso. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Malembo anapatsidwa kwa Mpingo wonse kuti tiziwawerenga pamodzi.

Nanga Mpingo umawerenga bwanji? Sukana kuti Sabata la Aisraele ndi Loweruka, ngakhale pa Chichewa mawu oti Sabata timawatchulanso ponena mlungu wathunthu kapena Lamulungu limene. Koma Ambuye anauka kwa akufa tsiku loyamba la mlungu. Pa Ntchito za Atumwi 20:7 tikupeza ophunzira atasonkhana tsiku lomwelo kudzanyema mkate, ndipo Chivumbulutso 1:10 chimatchula tsiku la Ambuye. Cha m'ma 150, Justino Woyera analongosola kale msonkhano wa Lamulungu, wokhala ndi mawerengo, ulaliki, mapemphero, Ukaristia ndi chopereka cha osauka. Apa n'kuti kutatsala zaka zoposa 150 kuti mfumu Constantine ikhazikitse lamulo lake la mu 321 lopumula tsikuli. Choncho si mfumuyo inayambitsa mwambo wathu.

Za tsiku lomaliza, Yesu yemwe anatiuza pa Mateyo 24:36 kuti ndi Atate okha amene amalidziwa. Anatilamula kukhala maso, osati kuwerengetsa zaka. Akhristu oyamba ankatcha Lamulungu tsiku lachisanu ndi chitatu, kutanthauza chiyambi cha dziko latsopano. Ndiye kuti mafunso awiri amene anavutitsa Booth amayankhidwa malo amodzi: pa Misa iliyonse timakumbukira kuuka kwa Ambuye, tikudikira kubweranso kwawo.

Wina akadzakutumizirani uthenga pa foni wotchula deti la kutha kwa dziko, musagulitse bwato, musasiyitse mwana sukulu. Kumbukirani 1914. Mnansi wosunga Loweruka mumuyankhe mwaulemu, Baibulo lili m'manja. Ndipo njala ya chilungamo imene Booth anali nayo, imeneyo tiitenge, tiyambe nayo m'miphakati yathu mlungu uno.